Kuyenda Pansi mu Nkhotakota

 Tambala walira kachiwiri, ndipo amayi ayamba kukoleza moto. Tisanatenge makasu, tiyeni tipite m'maganizo ku Nkhotakota, doko lakale la m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

Kumeneko mlendo amaperekezedwa wapansi ndi mwana wa pamalopo. Amayamba naye kugombe, pamene ngalawa za Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili amene anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, zinkanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo kuwoloka nyanja, ulendo wa ku Kilwa. Ambiri mwa omangidwawo anali Achewa anzathu. Kenaka woperekezayo amamuimika mlendoyo pansi pa mkuyu waukulu, pomwe David Livingstone anakambirana ndi Jumbe za malonda oipawo. Chapafupi pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Mukamayendabe mumva kuitana kwa kumzikiti, muona amayi akupeta mpunga umene Aswahili anafalitsa kuderalo, ndi asodzi akuyanika nsomba pathandala.

Wodutsa pagalimoto sangazione zimenezi. Woyenda pansi amaima, amafunsa, amagwira khungwa la mkuyuwo ndi dzanja lake.

Nanga kuno kwathu ku Zemba ndi Chadiza yense, mlendo atafika lero, ndani angamuperekeze? Agogo amene amadziwa pamene panali mudzi woyamba, ndi njira imene makolo ankadzera popita ku Mozambique, akadali nafe. Madzulo ano muwatume ana akakhale nawo pamphasa, akafunse. Tsiku labwino kumunda, abale.