Musathamangire Kufuta Cache ya Squid

Ana anga amene mwapatsidwa udindo wosamala makompyuta m'masukulu ndi m'maofesi, tcherani khutu. Lidzafika tsiku limene anthu adzakudzerani ali wefuwefu kuti intaneti yafa, masamba akutseguka mwatheka, ndipo pa sikirini pakutuluka mawu akuti "Read Error". Pa nthawi yotere mtima umathamangira kufuta cache yonse n'kuyatsanso seva. Ndikukupemphani, ugwireni mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Squid, pulogalamu imene inatuluka mu 1996 kuchokera ku ntchito ya Harvest, imakhala pakati pa anthu anu ndi intaneti, kawirikawiri pa port 3128. Zimene munthu mmodzi watenga pa intaneti imazisunga pa diski, kuti wina akazifuna asakazitengenso kutali. Cache imeneyi ili ngati nkhokwe. Chimanga chikaola mutha kuchitaya n'kuthiramo china, koma ngati denga likudontha, chatsopanocho chiolanso. Ntchito yanu ndi kupeza podontha.

Poyambira ndi pa fayilo ya cache.log. Werengani mizere ya nthawi imene vuto linayamba, ndipo samalani nambala imene yalembedwa pamodzi ndi uthengawo, chifukwa ndiyo ikulozereni njira. Mukaona 104, "Connection reset by peer", pa tsamba la "Read Error", dziwani kuti diski ilibe mlandu. Kulumikizana kwadulidwa ndi seva ya kutaliko, kapena ndi firewall, kapena ndi chipangizo china cha panjira. Yesani kutsegula tsamba lomwelo osadzera pa Squid. Likakanabe, vuto lili kunja, ndipo kufuta cache n'kutaya chuma pachabe.

Nambala 13, "Permission denied", nthawi zambiri imabwera ndi manja athu omwe. Wina anakopera mafayilo kapena kupanga mafoda ali root, Squid n'kulephera kuwerenga m'nyumba mwake momwe. Pa Debian ndi Ubuntu mwini wa mafodawo ayenera kukhala proxy, pa Red Hat akhale squid. Nambala 28, "No space left on device", ikutanthauza kuti malo atha. Onani ndi df -h, koma musaiwale df -i, chifukwa timafayilo tating'onoting'ono tikachulukitsa, diski imakana kulandira zina ngakhale ikuonetsa kuti malo alipo. Polemba cache_dir mu squid.conf musapereke diski yonse. Siyani magawo 20 pa 100, ndipo ma log muziwasinthanitsa ndi squid -k rotate asanatupe.

Nambala yoyenera kukudetsani nkhawa ndi 5, "Input/output error". Apa diski yeniyeniyo ikhoza kukhala ikufa. Onani zimene dmesg ikunena, kenako funsani diskiyo ndi smartctl -a. Ngati manambala a Current_Pending_Sector ndi Reallocated_Sector_Ct akukwera, musainyengerere. Kauzeni akuluakulu a ofesi kuti pakufunika diski ina. Adzadandaula za ndalama, koma ndi bwino adandaule lero kusiyana n'kuti ntchito idzaime mwadzidzidzi. Mukafuna kugwiritsa ntchito fsck, yambani mwachotsa gawo la diskilo pa ntchito ndi umount, apo ayi muwononga ndi zabwino zomwe.

Tsopano za magetsi, zimene kwathu kuno tikuzidziwa bwino. Squid ili ndi kaundula wotchedwa swap.state, mmene imalemba chinthu chilichonse chimene yasunga ndi pamene chili. Magetsi akathima ikulemba, kaundula ndi zimene zili pa diski zimasemphana. Ikayakanso mudzaona mu cache.log kuti ikumanganso kaundula ndi mawu akuti "dirty log", ndipo mu access.log mudzayamba kuoneka TCP_SWAPFAIL_MISS. Mawu amenewa akutanthauza kuti Squid imayesa kuti chinthucho ili nacho, koma itapita kukachitenga sinathe kuchiwerenga, choncho yakachitenganso pa intaneti. Akaoneka apo ndi apo, si nkhani. Akachuluka, imitsani Squid ndi squid -k shutdown, ndipo idikireni, popeza imapatsa anthu olumikizidwa masekondi 30 isanatseke. Ikaima ndithu, sunthirani swap.state pambali, n'kuiyatsanso. Idzayenda foda ndi foda kulemba kaundula watsopano. Ngati simunasinthe manambala a 16 ndi 256 amene amabwera nayo pa mzere wa cache_dir, mafodawo ndi 4,096, ndiye ntchitoyi itenga nthawi. Musaizimitse ili pakati chifukwa choti bwana waima kumbuyo kwanu. Mufotokozereni mwaulemu chimene chikuchitika.

Zonsezi zikakanika, pamenepo ndiye mungayambe cache yatsopano, koma mwadongosolo. Imitsani Squid, sinthani dzina la foda yakale m'malo moifuta, pangani yatsopano, ipatseni mwini wake woyenera, kenako squid -z kuti imange mafoda ake. Musanayatse, squid -k parse ikuuzani ngati mu squid.conf muli cholakwika. Foda yakale mudzaifuta zinthu zikakhazikika. Ma log musawafute, chifukwa zinthu za mu cache zimabwereranso zokha, koma umboni wa chimene chinachitika ukapita wapita. Chenjezaninso anzanu kuti kwa masiku angapo intaneti iyenda mozengereza ndipo data idyeka yambiri.

Pomaliza, limbikirani kuti seva ikhale ndi UPS yokhoza kuiuza kuti izime mwadongosolo batire lisanathe. Khalaninso ndi kope lolembamo tsiku, uthenga umene munaona ndi chimene munachita. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Simudzakhala pa ofesi imeneyo mpaka kalekale, ndipo mnyamata kapena mtsikana wodzalowa m'malo mwanu adzafuna kudziwa ngati diskiyo inayamba kale kuvuta. Anthu amayamika amene wabwezeretsa intaneti msanga, koma amadalira amene vuto lake silibwereranso. Khalani anthu otero, ana anga.