Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere

Mwambiwu anthu amakonda kulasira nawo mkazi wokongola kapena mnyamata wa suti yobwereka. Ine lero ndilasira nawo simenti.

Ku Misuku ndalama ya khofi ikangolowa m'thumba, choyamba kugwa ndi nyumba ya agogo ya nsungwi ndi dothi. Yomwe yapulumuka amaikuta ndi pulasitala kuti alendo ochokera ku Mzuzu asaseke. Chondipweteka n'chakuti ngakhale pakhomo pa mfumu, pomwe ana a Asukwa akanaonera luso la makolo awo, ulemu tayamba kuuyeza ndi matumba a simenti.

Simenti pakhoma la dothi ndi bodza lamkunkhuniza. Dothi limamwa chinyezi n'kuchilavula dzuwa likawala, pomwe simenti imachitsekera momwemo. Kumapiri amvula ngati a Mughese ndi Wilindi, gogodani khoma lotere pakapita zaka zingapo, mumva likulira ngati ng'oma. Kanganulani chibenthu: dothi lofumbutuka, ndi tinjira ta chiswe mpaka kudenga.

Ahausa ndi Afulani a ku Nigeria anaziona kale zimenezi. Mzikiti waukulu wa ku Zaria, woyandikana ndi nyumba ya mfumu yawo, anaumanga ndi dothi m'zaka za m'ma 1830 mmisiri Muhammad Durugu, yemwe ankamutcha Babban Gwani. M'zaka za m'ma 1970 eni ake anauvindikira ndi chinyumba chamakono, mbali zina n'kuzigumula. Amati akuusamala! Nyumba ya dothi imakhala moyo poimata chaka ndi chaka, ndipo pomatapo ndi pomwe mwana amaphunzirira ntchito. Mukaiveka konkire, kumata kwatha, amisiri nawonso atha.

Chabwino, udzu umaola, umagwira moto, ndipo mayi amene amasenza mitolo kukwera nayo chitunda sindingamuuze kuti akane malata. Folerani ndi malatawo. Koma musandiuze kuti chilichonse cha njerwa n'cholimba. Chivomezi cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinang'amba nyumba zambiri zanjerwa, ndipo nkhuni zootchera njerwazo zimachokera m'mitengo yomwe ikusunga akasupe athu.

Mfumu ikafuna nyumba yatsopano, imange pambali. Yakaleyo aileke, aitane nkhalamba zodziwa kuluka nsungwi ndi kuponda dothi zikadali ndi mphamvu, azilipire ngati momwe amalipirira mmisiri wa simenti, anyamata ali pomwepo kutunga madzi.