Musanamange katundu, imvani za anthu a ku Vietnam

Ana anga, ambiri mwa inu maso ali ku Joni, ena ku Ulaya. Sindikuletsani. Koma khalani pansi kaye ndikuuzeni za anthu amene anachoka kwawo mtima usakufuna.

Pa 30 Epulo 1975 mzinda wa Saigon, kummwera kwa Vietnam, unagwa m'manja mwa asilikali akumpoto kwa dzikolo. Ambiri amene ankatumikira boma lakummwera anatsekeredwa m'misasa yozunzirako, ena kwa zaka zambiri. Mabanja anayamba kuthawa usiku pamabwato a asodzi, atathithikana mosowa potambasulira mwendo. Madzi akumwa ankawathera pakati panyanja, achifwamba n'kuwalanda golide, kugwirira amayi ana akuona. Pafupifupi 800,000 anafika kumtunda, n'kukadikira m'misasa ngati Pulau Bidong ku Malaysia ndi Galang ku Indonesia. Enawo anamira, ndipo abale awo alibe manda oti akalirepo.

Amene anafika ku America anayambira pansi, mphunzitsi kusanduka wokolopa. Mu 1975 momwemo, katswiri wa mafilimu Tippi Hedren anabweretsa womukonza zikhadabo kudzaphunzitsa amayi 20 pamsasa wina ku California. Amayiwo anaphunzitsa anzawo, anzawo n'kukoka abale, mpaka lero masaluni ambiri a zikhadabo kumeneko ndi a anthu a ku Vietnam. Ku Orange County, ku California komweko, anamanga dera lawolawo, Little Saigon. M'nyumba zambiri mumapeza kaguwa pamene pali chithunzi cha agogo omwalira, lubani akufuka, malalanje ali m'mbale. Pa Tet, chaka chawo chatsopano, ana amalandira ndalama m'timaenvulopu tofiira.

Komatu chimene chimandiwawa ine n'china. Makolo ambiri anasankha kusanena za bwato lija, poganiza kuti akuteteza ana. Anawo anakula ndi Chingerezi, n'kumakatanthauzira amayi awo kuchipatala ali ndi zaka khumi. Kufika pa adzukulu, ena chilankhulo chinawathawa. Agogo ndi mdzukulu amadyera patebulo limodzi, mdzukulu osadziwa chimene chimawadzutsa agogowo usiku, ndipo ngakhale atafuna kufunsa alibe mawu ofunsira.

Kwa ifenso si zachilendo izi. Ku Zimbabwe kuli adzukulu a machona amene anapita kumigodi ndi m'mafamu; ena amangodziwa kuti agogo anachokera ku Nyasaland, koma mudzi ndi mfumu sazidziwa.

Choncho mukakakhazikika ku Joni kapena ku Ulaya, ana muziwauza chimene chinakuchotsani kuno, ngakhale chikhale chochititsa manyazi ngati ulova kapena ngongole. Muwauze dzina la mudzi, mfumu yake ndi mfunda wawo. Mwana akakuyankhani m'Chingerezi musamukalipire, inu ingopitirizani m'Chichewa. Ndipo mukaimba foni kumudzi, musamangofunsa ngati ndalama zafika. Mupatseni mwanayo foniyo alankhule ndi agogo ake, ngakhale azichita chibwibwi.