Musazule Mbande ya Ambuye



Werengani Maliko 4:26-29.

Amene munafesapo matimati m'kachitini mukudziwa. Sabata yathunthu mumangoona dothi chabe, koma pansi muzu unayamba kale kutsika. Kenako kambande kamatuluka kowerama mutu, n'kutambasula timasamba tiwiri tosalala, tosafanana olo pang'ono ndi masamba a matimati. Wosadziwa amati ndi udzu, n'kuzula. Masamba otsatira ndiwo amabwera ogawikagawika, ndi kafungo ka matimati.

Manje tamverani. Mumpingo muno muli abale amene analandira Yesu posachedwapa. Pemphero lawo n'lalifupi, mavesi sadziwa, ena mowa ukuwavutabe. Tikamawanena kumbali ati "uyu sanatembenuke", tikuzula chimene Mzimu Woyera anafesa yekha. Ena amasiya kubwera chifukwa cha pakamwa pathu.

Mbande imafuna dzuwa, timadzi pang'onopang'ono, ndi munthu woleza mtima. Sabata ino tumirani foni mmodzi wa iwo, mupemphere naye. Pa Sande mukhale naye benchi imodzi.

Pemphero: Atate, ndiphunzitseni kuthirira, osati kuzula. M'dzina la Yesu, Amen!