Waciwiri wa Mtsogoleri Asankhidwe Bwanji?

Msodzi wa pa mtsinje wa Kafue sakwera bwato ndi munthu wosadziwa kupalasa, ngakhale akhale mbale wace, pakuti nkhafi ingathe kumpulumuka pakati pa madzi. Nanga wofuna kutsogolera dziko atenge waciwiri wace cifukwa ca mavoti a kwao, kapena cifukwa ca nzeru zace?

Dziko la Zambia linataya atsogoleri awiri ali pampando: a Mwanawasa m'caka ca 2008, ndi a Sata mu 2014. Kawiri konse anthu anabwerera ku cisankho, ndipo a Guy Scott, amene anagwirizira mpando, sanathe kuima popeza makolo ao anabadwira kunja. Motero lamulo la mu 2016 linati waciwiri aziima pamodzi ndi mtsogoleri, ndipo maliro akagwa, iyeyo alowe kufikira nyengo ithe.

Lamuloli nlabwino, koma lasenzetsa wovota katundu wolemera. Munthu wa ku Kafue amene anavotera a Hichilema mu 2021 anasankhanso amai Nalumango, kaya anawaganizira kaya iai. Makolo akale sanali kulonga ufumu mothamanga. Anali kupenyetsetsa makhalidwe a mwana wa mlongo wa mfumu zaka zambiri, mwini mpando akali moyo.