Kodi Mwana Ayenera Kufanana ndi Womubala?

Kuli duwa lochedwa dahlia, limene kwao ndi ku mapiri a dziko la Mexico. M'caka ca 1789 mbeu zace zinaoloka nyanja kunka ku Madrid, m'dziko la Spain, ndipo m'caka ca 1791 wansembe wodziwa zomera, Antonio José Cavanilles, analicha dzina ili pokumbukira Anders Dahl wa ku Sweden. Lero mitundu yace yolembedwa m'kaundula ipitirira 50,000. Nanga mitundu yonseyi inacokera kuti?

Duwa ili libzalidwa njira ziwiri. Pansi libala mizu yonenepa yonga mbatata, ndipo wogawa mizuyo ndi kuibzala aona duwa lomwe lija, monga phesi la cinangwa libala cinangwa ca mtundu wace. Koma wofesa mbeu sadziwa cimene cidzaturuka. Munthu alandira mitolo iwiri ya cibadwa, wina kwa atate, wina kwa amai. Koma dahlia wa m'munda asenza mitolo 8, imene isanganizika mosiyana m'mbeu iri yonse. Cotero mbeu za duwa limodzi lofiira zikhoza kubala loyera, lacikasu ndi lamawanga.

Mlimi wofuna mtundu watsopano asankha maluwa awiri okoma, natenga mungu wa lina, naupaka pa linzace, naliphimba kuti njuci zingadze ndi mungu wacilendo. Mphamvu yace ilekeza pomwepo. Alimi ayesa zaka zambiri kupeza dahlia wa maonekedwe a thambo, koma kufikira lero sanampeze.

Tsono tilingalire za ana athu. Ambiri a ife tiyesa mwana ngati muzu wogawidwa. Atate akakhala mmisiri, afuna kuti mwana agwire sompho, angakhale mtima wace uli pa buku. Atate akakhala mbala, mudzi wonse ubisa nkhuku poona mwana wace, asanabe kanthu. Konse kuwiri tilakwa, pakuti mwana ndiye mbeu. Atenga za makolo ace ndithu, koma zisanganizika mwa iye monga sizinasanganizike mwa munthu wina ali yense.

Kapena wina adzati, Ngati kuli tero, kulera kupindulanji? Kupindula kwambiri, popeza akulu anati, M'mera mpoyamba. Mlimi sakhoza kulamulira maonekedwe a duwa, koma akaleka kuthirira ndi kupalira, duwa liri lonse lifota. Momwemonso mwambo, coonadi ndi ulemu tiyenera kuphunzitsa ana onse. Koma luso ndi mtima wa yense tiziyembekeze modekha kuti zioneke. Ngakhale mlimi saweruza mmera ndi masamba ace. Alindira maluwa, nauyesanso caka caciwiri ndi cacitatu asanauche dzina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma pali malo amodzi pamene fanizo ili litisiya. Mlimi afesa mbeu zambiri, nasunga zowerengeka, nazula zotsala zonse. Ife sitiloledwa kutero. Duwa licotsedwa cifukwa silikondweretsa maso a mwini munda, koma mwana sanabadwire kukondweretsa maso athu. Iye wosafanana nafe, wocedwa kuphunzira, wobadwa kwa munthu wa mbiri yoipa, ali nao malo ace m'mudzi monga anzace.

Cifukwa cace, inu akubala ndi inu aphunzitsi, musafulumire kunena kuti, Uyu ndi atate wace yemwe. Mthirireni, mpalireni, ndi kulindira nyengo ya maluwa ace.