Mtengo wa Padooko Ngwa Yani?

Amene adziwa dooko la Swang'oma, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa ku Phalombe, adziwanso kuti mtengo wa matemba suikidwa ndi munthu mmodzi. Ubadwa pakati pa khamu: msodzi achula, wogula akana, wina aonjezapo, ndipo mkazi wamasiye wodzagula ndowa imodzi amva zonsezo, nadziwa coyenera kulipira. Mtengowo uli ngati citsime ca mudzi, cimene onse atungapo.

Tsono tiyese kuti wafika wamalonda wamkuru wofuna kudzaza galimoto. Akaonekera padooko, mtengo ukwera iye asanatsegule pakamwa. Cifukwa cace akwera bwato, napita ku zimbowera, misasa imene asodzi amanga pamwamba pa madzi, napangana nao mwakacetecete, nati, Ndidzakulipirani monga mwa mtengo wa padooko lero. Kodi munthuyu walakwa?

Funso ili siliri la pa Chilwa pokha. Ku Amereka ndi ku Ulaya magawo a makampani agulitsidwa poyera m'misika monga ya New York ndi London. Koma iliponso misika yamseri, yochedwa dark pools, ndiko kunena maiwe amdima, kumene mabungwe akuru, monga osunga ndalama za penshoni, agulana magawo ambirimbiri osaulula cimene afuna kufikira malonda atatha. Kawirikawiri mtengo autenga ku msika wapoyera uja, pakati pa mau a wogula ndi a wogulitsa.

Tisafulumire kuweruza. Kubisa sindiko kuba. Ndalamazo nza anchito okalamba, ndipo woziyang'anira ayenera kuzichinjiriza kwa ocenjera amene amthamangira kutsogolo kukakweza mtengo. Koma mumdima mboni zicepa. M'caka ca 2016 mabanki a Barclays ndi Credit Suisse anabvomera kulipira ku Amereka madola oposa 150 miliyoni, cifukwa sanauza oona anthu ocita malonda m'maiwe ao.

Komatu cotidetsa nkhawa coposa cinyengo ndi ici. Chilwa akhala ndi moyo cifukwa ca mvula ndi mitsinje yothiramo, monga Phalombe, Likangala ndi Domasi. Ndipo pamene madziwo anacepa, m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018, nyanja inaphwa, mabwato nakhala pamatope. Momwemonso mtengo woona ukhala ndi moyo cifukwa ca malonda ofika poyera. Akuru onse akathawira ku zimbowera, padooko patsala zotsalira zokha, ndipo mtengo wa zotsalira sunena zoona za nsomba za tsikulo. Wamasiye alipira mwa muyeso wonama. Wamkurunso wabwereka muyeso umene waupotoza yekha. Nkhawa yomweyi inacititsa maiko a ku Ulaya kuika malire pa malonda amumdima m'caka ca 2018.

Kuweruza kwathu ndi uku: wamalonda sanacimwa popangana mseri, koma ali ndi mangawa kwa iwo a padooko. Wotunga pacitsime ayenera kuthandiza kucifukula. Akatha kugula, anene msanga poyera kucuruka kwa nsomba ndi mtengo wace, kuti wa ndowa imodzi adziwe cimene wa galimoto adziwa. Ndipo ife tonse, pogula cimanga kuseri kwa nkhokwe ya mnansi wosauka, tiyambe tadzifunsa: Kodi tikadakondwera kuti mtengo uwu umveke pabwalo?